Dongo la Midzi Itatu

Tikhala akafuna chinthu ankachigwira ndi manja awiri, mwinanso ndi mano omwe. Ndi iye amene anayenda pakabaza kuchokera ku Milepa mpaka ku Kadewere ndi ku Mikolongwe, kusakasaka aliyense amene manja ake amadziwa kupanga kanthu: oumba, osema, oluka, osoka ndi ojambula. Anthuwa kale ankangokumana pamsika n'kumalandana makasitomala ngati adani. Tikhala anawasonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo, nawauza kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Gulu la Tiumbane linabadwa choncho.

Ntchito yawo yoyamba inali ya mitsuko ikuluikulu yoti iikidwe pamsika, kuti ogula ndi ogulitsa azimwa madzi ozizira. Oumba aumbe, Abbas wosema wa ku Kadewere akonze timipando toikapo, oluka aluke zivundikiro, ndipo Levi ajambule maluwa ndi mayina a midzi pamitsukopo.

Levi ameneyu ndiye anali vuto lokoma la Tikhala. Anali wojambula zikwangwani za masitolo ndi masaluni, mnyamata wamtali wa ku Mikolongwe, wa zala zosachoka penti ndi pakamwa posachoka nthabwala. Analowa m'gululi akunena kuti wadzera luso, koma ngakhale nkhuku za pachigayo zinkadziwa chimene anadzera. Pofika nthawi yokolola anali atamufunsira, Tikhala atalola, ndipo atsibweni ake a Tikhala, a Alufeyo, anali atanena kuti ankhoswe a mnyamatayo abwere ntchito ya mitsuko ikatha. Mayi ake a Tikhala, a Ellina, sananene kuti inde kapena ayi. Iwowa ndiwo anali akatswiri oumba m'dera lonselo, ndipo munthu wojambula mitu ya anthu pamakoma a saluni sankamuona ngati mkamwini woti n'kumulozera munda.

Ganizo losakaniza dongo linali la Tikhala mwini, ndipo tsiku limene analinena anthu anawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Amayi a ku Kadewere anabweretsa dongo lawo lakuda, a ku Mikolongwe lofiira, a ku Milepa lotuwa la kudambo kwawo, n'kulikhuthulira m'dzenje limodzi. Analiponda pamodzi akuimba, Levi akujambula pafoni, aliyense akuti umodzi ndi umenewu. A Ellina panalibe tsikulo. Anali atakana kuumba ndi anthu amene iwo ankawatcha ana a pafoni, koma anavomera kudzawotcha mitsukoyo ikauma. Mtsuko waukulu suwotchedwa ndi munthu wamba, ndipo iwo ankakonda kuti zimenezi zizidziwika.

* * *

Tsiku lowotcha, a Ellina anaima pakati pa bwalo lawo atamanga chitenje m'chiuno, n'kunena lamulo limene woumba aliyense wa kumeneko amalidziwa. Munthu wotentha, kutanthauza amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi m'masiku amenewo, asayandikire moto, chifukwa mbiya zimamva ndipo zimasweka. Amayi apabanja amene ankadziwa nkhani zawo anabwerera m'mbuyo akubisa kuseka, n'kukakhala pakhonde. Levi ananong'oneza Tikhala kuti dongo lilibe maso, kenako anasenza mtolo wa nkhuni n'kukaima naye pafupi ndi motowo.

Moto unayaka bwinobwino. Kenako munamveka phwa m'kati mwake, panapita kanthawi, munamvekanso phwa. Pamene a Ellina ankafukula phulusa ndi ndodo, mitsuko yonse inali itang'aluka, ina kuchokera kukamwa mpaka pansi.

A Ellina anangoyang'ana amene anaima pafupi ndi moto: amayi awiri amasiye, Tikhala, ndi mnyamata wa penti.

Amene analankhula anali Esnat, telala wa ku Mikolongwe amenenso anali woimba wa gululi. Anali atangofika kumene, atavala diresi yoti aliyense aidziwe kuti ndi yatsopano. Esnat ankamufuna Levi kuyambira kalekale, ndipo sanali munthu wobisa njala yake.

"Koma ndiye zaululika msangatu," anatero akuyang'ana mapalewo. "Ena amadikira mimba kuti iuze anthu. Kuno mitsuko yathamanga."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Tikhala anamva manyazi ndi mkwiyo nthawi imodzi. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti iye Levi ankangomulola kugwira dzanja basi, ndiponso dzanjalo ankalichotsa akaona munthu akubwera. Anatembenuka kuti Levi ayankhe ndi pakamwa pake potchukapo, koma Levi anali atangoti kukamwa yasa, maso ali pamitsuko yoswekayo.

* * *

Madzulo a tsikulo a Ellina anaitanitsa mchimwene wawo. A Alufeyo anali munthu wofatsa amene ankaopa mlongo wawo kuposa njoka, choncho anangokhala pampando n'kumasisita chipewa.

"Amayi, ine Levi sanandikhudzepo," anatero Tikhala atagwada. "Ndikunena pamaso pa atsibweni."

"Ndinayamba kuwotcha mbiya iwe usanabadwe," anayankha a Ellina. "Imodzi imasweka, ziwiri zimasweka. Koma zonse? Usandiyese mwana, Tikhala."

Kenako anauza a Alufeyo kuti ankhoswe a ku Mikolongwe akabwera, abwere kudzayankha mlandu, osati kudzapempha banja. Mnyamata amene walowa m'munda asanapatsidwe khasu sadzamanga nyumba pamalo awo. A Alufeyo anayesa kunena kuti nkhani ikufunika kuifatsira, koma mlongo wawo atawayang'ana anameza mawu otsalawo.

Pafoni napo panali moto wina. Pagulu lawo la WhatsApp a ku Kadewere ankati a ku Mikolongwe anaumba mothamanga, a ku Mikolongwe ankati mtsogoleri ndiye wawononga ntchito ndi chiwerewere chake. Mayi wina analemba kuti mwamuna wake wamuletsa kubweranso ku gulu la zibwenzi. Abbas anayesa kuzimitsa, koma anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Tikhala analembera Levi kuti asadandaule, choonadi sichiola. Yankho linabwera mochedwa, ndipo linali lalifupi: "Pepa Tikhala."

Analiwerenga kawiri n'kumumvera chisoni. Anaganiza kuti mnyamatayo akupepesa chifukwa chosamuteteza pamaso pa Esnat.

* * *

Kulira analira, koma Tikhala sanali wolira mpaka dzuwa kulowa. M'mawa mwake anapita pamulu wa mapale aja kuti akawataye kudzala, ndipo atanyamula phale limodzi anaima. M'kati mwake munali mizere: wofiira apa, wakuda apo, wotuwa pakati, ngati chitenje. Anatola lina, n'chimodzimodzi. Mng'alu uliwonse unkatsata pamene dongo lina lakumana ndi linzake.

Anawanyamula mu lichero n'kukawaika pamapazi a mayi ake, ndipo anafotokoza zonse za dzenje limodzi lija, za nyimbo ndi za kuwomba m'manja.

A Ellina anatembenuza phalelo, n'kulikanda ndi chikhadabo. Kenako anayamba kukalipa, ndipo anakalipa mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Anafunsa ngati Tikhala anakulira m'nyumba ya woumba kapena ya wosoka nsapato. Dongo la ku Kadewere limafuna mapale osinja, la ku Mikolongwe limauma msanga, la kwawo limachedwa. Aliyense amadziwa lake. Kuliponda ndi mapazi tsiku limodzi anthu akuimba sikulisandutsa dongo limodzi.

Tikhala analandira zonsezo mutu uli pansi, mtima ukuvina. Kukalipiridwa chifukwa cha uchitsiru kunali kokoma kuposa kuganiziridwa uhule.

"Ndiye mwaona, amayi, kuti si ine ndi Levi?"

"Ndaona kuti ndiwe chitsiru," anatero a Ellina. "Koma chitsiru chikhoza kukhalanso chotentha. Mitsuko imeneyi inali ndi zifukwa ziwiri zoswekera, ndipo sinandiuze kuti yasankha chiti."

Apa m'pamene Tikhala anadzutsa mutu. Anati aumbanso, ulendo uno mudzi uliwonse ndi dongo lake, a Ellina akuyang'anira kuyambira kudambo mpaka pouma. Tsiku lowotcha iye ndi Levi adzaima pamoto, ndipo Levi ndi amene adzayatse ndi dzanja lake. Mitsuko ikasweka, iye adzamusiya Levi osanenanso kanthu. Ikatuluka yamoyo, ankhoswe abwere.

A Ellina anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwana amene akunama sabetcha choncho, ndipo iwo ankadziwa. Anatumiza uthenga kwa a Alufeyo kuti adzakhale mboni.

* * *

Kubweza anthu amene akhumudwa n'kovuta kuposa kuwaitana koyamba. Tikhala anayendanso njira zonse zija, fumbi mpaka m'mawondo, atanyamula mapale m'chikwama. Pakhomo lililonse ankawatulutsa n'kunena yekha kuti cholakwa chinali chake, anafuna umodzi wa m'dzenje pomwe umodzi weniweni ndi wakuti aliyense abwere ndi chimene amachidziwa. Kwa bambo uja woletsa mkazi wake anakhala pakhonde mpaka bamboyo anatopa n'kuvomera n'cholinga choti Tikhala achoke. Abbas anamuthandiza ku Kadewere, akuuza anthu kuti timipando take sitingakhale topanda mitsuko ngati mbeta. Pang'onopang'ono anthu anabwerera pagulu, ena chifukwa cha luso, ambiri chifukwa chofuna kudzaona mapeto a kubetchako.

Chodabwitsa chinali a Ellina. Ana a pafoni aja tsopano ankawatsata kudambo m'mawa uliwonse. Ankawakalipira, ankawamenya manja akaumba mopepera, koma tsiku lina Tikhala anawapeza akuphunzira kwa mayi wa ku Kadewere kasinjidwe ka mapale, akunamizira kuti akungoyang'ana. Levi akabwera kudzatunga madzi opondera dongo, ankamuyang'ana chamumbali. Tsiku lina anafika pomupatsa chinangwa chophika, ngakhale anamupatsa osamuyang'ana kumaso.

Koma Levi sanali Levi wakale. Nthabwala zinauma. Mauthenga ake anafupika, ndipo masiku ena foni yake inkangoitana. Tsiku lina akuchokera kudambo, awiriwiri, Levi anaimitsa njinga pamlatho wamitengo n'kunena kuti kubetcha kumeneku n'kwachibwana. Nanga mphepo ikawomba molakwika, nanga nkhuni zikakhala zaziwisi? Chikondi chawo chithe chifukwa cha dothi? Anati ali ndi mnzake ku Limbe amene angamupezere ntchito yojambula, atha kungonyamuka n'kukayambira kumeneko.

"Ndithawe ngati wakuba, ine ndisanabe?" anafunsa Tikhala. "Ndikathawa ndiye kuti Esnat ananena zoona. Gulu lithanso, amayi anga sadzakwezanso mutu pamsika. Ine ndikufuna ulowe pakhomo pathu masana, Levi, anthu akuona."

"Umandikhulupirira kwambiri iwe," anatero Levi.

"Nanga ndikhulupirire ndani?"

Levi anachotsa kachidutswa ka dongo kamene kanali pa tsaya la Tikhala, n'kukwera njinga. Tikhala anamukonda kwambiri nthawi imeneyo, ndipo anadziuza kuti amuna ndi amantha chabe pa zinthu za apongozi.

* * *

Mitsuko itauma, Tikhala anapita kushopu ya Esnat kukatenga nsalu zimene gulu linamupatsa kuti asoke, zoti adzavale tsiku lopereka mitsuko kumsika. Sanafune kupitako, koma mtsogoleri sasankha pakhomo.

Esnat anamulandira ndi ulemu wonenepa, womwe umakhala ndi minga m'kati. Anapinda nsaluzo pang'onopang'ono, akuyamikira kulimba mtima kwa Tikhala. Anati ndi akazi ochepa amene angaike banja lawo pamoto anthu akuona.

"Ndilibe choopa," anatero Tikhala. "Ndimadziwa thupi langa."

"Lako umalidziwa, eetu," anayankha Esnat akudula ulusi ndi mano. "Koma pamotopo mukaimapo awiri."

Tikhala anatenga nsaluzo n'kutuluka osatsanzika. Panjira mawuwo ankamubaya ngati chisoso m'chitenje, koma anawakutumula. Esnat anali wansanje, ndipo wansanje salankhula kuti akuthandize. Tikhala anatumiza uthenga kwa Levi womukumbutsa kuti asachedwe, ndipo avale shati yoyera ija chifukwa atsibweni adzakhalapo.

* * *

Tsikulo anthu anadzaza bwalo la a Ellina dzuwa lisanatenthe. Anabwera a midzi yonse itatu, ngakhale amene sanagwirepo dongo chibadwire. Mitsuko inali itasanjidwa bwino, yakuda payokha, yofiira payokha, yotuwa payokha, itakutidwa ndi makungwa ndi nkhuni zouma. A Alufeyo anakhala pampando wawo atavala jekete. A Ellina ananenanso lamulo lija, amayi apabanja anapitanso pakhonde, ndipo Tikhala anapita kukaima pafupi ndi nkhunizo mutu uli m'mwamba.

Levi anafika atavaladi shati yoyera. Anatsika njinga pamtengo wa bulugamu umene uli polowera pabwalo, n'kuima pomwepo.

Tikhala anamukodola. Levi sanasunthe. Anamukodolanso akumwetulira kuti anthu aone ngati ndi nthabwala, koma mnyamatayo anangogwiritsa chiwongolero cha njinga. Anthu anayamba kunong'onezana. Tikhala anadutsa pakati pawo osathamanga, mpaka anafika pamtengopo.

"Tiye, Levi. Amayi akudikira."

"Sindingathe."

"Usaope. Dongo lili bwino, amayi aliyesa okha. Iwe ungoyatsa basi."

"Tikhala, usandikakamize." Mawu ake anali otsika, ndipo thukuta linali litanyowetsa kolala ya shatiyo. "Ndikayandikira, isweka. Ntchito ya anthu onsewa isweka chifukwa cha ine, ngati ulendo woyamba uja."

"Ulendo woyamba linali dongo."

"Mwina linali dongo. Koma ine ndinaima pamoto paja ndisali woyenera kuimapo. Ndinkaseka, ndinkati n'zachikale. Nditamva phwa uja, kuseka kunatha."

Tikhala ankadziwa kuti iye Levi sanamukhudzepo, choncho panalibe chofunsa kuti zikutanthauza chiyani. Anafunsa dzina lokha, ndipo atatchula yekha la Esnat, Levi anayang'ana matayala a njinga.

Zinamuwawa kwambiri moti anafuna kukhala pansi pafumbi pomwepo. Koma kumbuyo kwake kunali anthu amene iye anawagogodera makomo kawiri konse, ndi mayi ake, ndi dzina lake. Analimba mtima. Anadziuza kuti za Esnat adzazilira mawa, lero mitsuko ipse kaye.

"Chabwino," anatero. "Zimenezo tikambirana, ndipo sizikhala zophweka. Koma papita nthawi. Lamulo la amayi siliwerenga za mwezi watha, limawerenga za masiku ano okha. Za kale sizingaswe mtsuko wa lero. Tiye ukayatse."

Anatambasula dzanja, pamaso pa anthu onse, dzanja lomwe lija ankalibisa akaona munthu akubwera.

Levi sanaligwire. Sanakwezenso maso, ndipo phazi lake silinasunthe pamene linali.

Tikhala anamvetsa. Dzanja lake linatsala m'malere.

Kumbuyo kwake a Ellina anali atayatsa kale muuni wa udzu, moto ukuyenda kulowera ku zala zawo. Kwa iwo mnyamatayo ankaoneka ngati wagwidwa ndi manyazi a pamaso pa apongozi, ndipo zimenezi zinawafewetsa mtima. Anakweza mawu kuti midzi yonse itatu imve, ndipo kwa nthawi yoyamba anamutchula dzina limene Tikhala analivutikira miyezi yonseyi.

"Iwe Tikhala, udzu ukutha kuno. Muuze mkamwini wangayo asachite manyazi, abwere adzalandire moto."